Anarcha ndi ulusi wa siliva

Ndikamva mawu akuti fisitula, ndimakumbukira Anarcha. Anali kapolo ku Alabama, mtsikana amene anavutika pobereka mpaka chikhodzodzo chinabooka, mkodzo n'kumangodontha usana ndi usiku. Pakati pa 1845 ndi 1849, ku Montgomery, dokotala J. Marion Sims anamuchita opaleshoni pafupifupi ka 30, popanda mankhwala oletsa ululu, akapolo anzake atamugwira. Potsiriza anasoka balalo ndi ulusi wa siliva, ndipo Sims analemba kuti linapola.

Mabuku anatamanda Sims. Ine mtima wanga uli pa Anarcha ndi akapolo anzake, Lucy ndi Betsey, amene nawonso Sims anawachita opaleshoni. Onsewa analibe pokanira. Chiboliboli cha Sims anachichotsa ku Central Park, New York, mu 2018.