Mabanki a Chisilamu ndi Ngongole Zopanda Chiwongoladzanja: Zoyenera Kudziwa Munthu wa ku Nguludi

Kayendetsedwe ka chuma ka Chisilamu ndi njira yosungira, kubwereketsa ndi kuchulukitsa ndalama motsata malamulo a Shariya. Phata lake ndi lakuti ndalama siziyenera kubereka zinzake chifukwa choti miyezi yadutsa. Wofuna phindu agule katundu n'kumugulitsa, achititse lendi chinthu chooneka monga nyumba kapena galimoto, kapena aike mpamba wake m'malonda ali wokonzeka kuluza limodzi ndi mnzake. Chiwongoladzanja, chimene Asilamu amachitcha riba, n'choletsedwa, chichepe kapena chichuluke. Zinanso zoletsedwa ndi juga, mgwirizano wosamveka bwino umene wina sadziwa chenicheni chimene akugula, komanso kuika ndalama m'malonda a mowa ndi nkhumba.

Lamulo loletsa chiwongoladzanja lili mu Qur'an, makamaka m'sura yachiwiri, Al-Baqarah, ndime 275 mpaka 279. Ndime yotsatira imalamula kuti wangongole amene zamuvuta apatsidwe nthawi, ndipo ndime 282, yomwe ndi yaitali kuposa zonse m'bukuli, imanena za kulemba ngongole pamaso pa mboni.

Nguludi ndi nkhani ya ngongole

Nguludi, m'boma la Chiradzulu, amadziwika ndi mishoni ya Katolika ya ansembe a Montfort, chipatala cha St Joseph's ndi Catholic University of Malawi, imene inayamba kuphunzitsa mu 2006. Koma m'midzi ya bomali Alomwe, Ayao ndi Amang'anja amakhala mosakanikirana, ndipo si zachilendo kupeza banja limodzi lili ndi wopita kutchalitchi ndi wopita kumzikiti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi onse.

Minda ya ku Chiradzulu ndi yaing'ono, anthu ndi ambiri, choncho banja limadalira zinthu zingapo nthawi imodzi: chimanga ndi nandolo, dimba la tomato, ng'ombe yamkaka, kabaza, kapena geni ya kupikula ku Limbe n'kudzagulitsa kumudzi. Zonsezi zimafuna mpamba, ndipo mpambawo kawirikawiri umachokera kwa wakatapila kapena ku banki m'khonde. Wakatapila amatha kufuna theka la ndalama pamwamba pa zimene wabwereketsa pakangotha mwezi, ena amafuna kuwirikiza, chikole chili njinga, wailesi kapena malata. Banki m'khonde ndi yachifundo poyerekeza, ndipo phindu limabwerera kwa eni masheya pogawana kumapeto kwa chaka, komabe imayendera chiwongoladzanja cha pamwezi. Mayi wachisilamu wosunga chipembedzo chake amatsala ndi njira ziwiri zowawa: kulowa m'gulu mtima ukumutsutsa, kapena kukhala kunja n'kusowa mpamba. Chipereganyu chokha ndicho chilibe vutoli, popeza aliyense amalandira ndendende zimene anasonkha.

Kudana ndi chiwongoladzanja si kwa Asilamu okha, ndipo pamalo a mishoni ngati Nguludi izi n'zoyenera kuzikumbukira. Mabuku a Eksodo, Levitiko ndi Deuteronomo amaletsa kudyera m'bale wosauka pangongole. Mpingo wa Katolika unaletsa katapila kwa zaka mazanamazana, ndipo mu 1745 Papa Benedict XIV analembanso kalata yotsindika chiphunzitsocho. Ku Italy, ansembe a chipani cha Francis Woyera analimbikitsa nyumba za pinyolo zothandiza amphawi, monga imene inatsegulidwa ku Perugia mu 1462, kuti anthu asamagwe m'manja mwa akatapila.

Mapangano amene amalowa m'malo mwa ngongole

Lofala kwambiri ndi murabaha. Tiyerekeze kuti mnyamata akufuna njinga yamoto ya kabaza ya K2,000,000. Banki simupatsa ndalamazo m'manja. Imagula njingayo, ikhale yake, kenako imamugulitsa pamtengo umene agwirizana, tinene K2,600,000, wolipira pang'onopang'ono kwa chaka. Mtengo wogulira ndi phindu la banki zonse zimanenedwa poyera. Akachedwa kulipira, ngongole sikwera. Mabanki ambiri amaika chindapusa kwa wozengereza dala, koma chindapusacho chimapita kukathandiza osowa, sichilowa m'thumba la banki. Ndipo njingayo ikawonongeka isanafike m'manja mwa mnyamatayo, woluza ndi banki.

Ijara ndi lendi. Banki imagula chigayo kapena galimoto n'kumalandira lendi, umwini ukadali wake pamodzi ndi udindo wokonza zowonongeka zikuluzikulu. Nthawi zambiri pamapeto katunduyo amasanduka wa wolipira lendi uja.

Mudaraba ndi musharaka ndiwo mapangano amene akatswiri ambiri amati ali pafupi kwambiri ndi cholinga cha Shariya. Pa mudaraba wina amabweretsa mpamba, wina luso ndi thukuta. Amagwirizana kagawidwe ka phindu, mwachitsanzo 60 kwa 40, osati kuchuluka kwa ndalama kokhazikika. Malonda akagwa popanda chinyengo kapena kusasamala, mwini mpamba amaluza ndalama, wogwira ntchito amaluza nthawi ndi mphamvu zake, palibe wolipira mnzake. Pa musharaka onse amasonkha mpamba ndipo akaluza amagawana molingana ndi zimene aliyense anaika. Mabuku osungira ndalama m'mabanki a Chisilamu kawirikawiri amayendera mudaraba: wosunga salonjezedwa peresenti yakutiyakuti, amalandira gawo la phindu limene banki yapezadi.

Pangano lokhudza mlimi mwachindunji ndi salam. Wogula amalipiratu ndalama zonse lero, mbewu n'kudzalandira pokolola. Mbiri ya Chisilamu imati Mtumiki Muhammad anapeza anthu a ku Madina akuchita kale malonda otere, ndipo anawalola pokhapokha muyeso, kulemera ndi tsiku zikhale zodziwika. Mlimi wa nandolo angalandire ndalama mu Novembala, nthawi imene akufuna mbewu ndi aganyu, n'kulonjeza matumba akutiakuti a makilogalamu 50 pa tsiku lotchulidwa. Panganoli silimangidwa pa munda umodzi, choncho mbewu zikakanika mlimi angagule kwina n'kupereka, kapena wogula angadikire, kapena angalandire ndalama zake zokhazo popanda zowonjezera. Izi zikufanana ndi zimene mavenda ena amachita pogula mbewu zikadali m'munda, ndipo chenjezo lake n'lomwelo: salam imatseka khomo la chiwongoladzanja, koma siletsa yokha wogula kutchula mtengo wofinya munthu amene njala yamupanikiza. Pamenepo pamafunika gulu la alimi lokambirana mtengo ndi mawu amodzi.

Palinso qard hasan, ngongole yachifundo imene munthu amabweza zimene anatenga basi. Zakaat si ngongole konse. Ndi chopereka chokakamizidwa cha 2.5 peresenti pa chuma chimene chakhala chaka chathunthu chitafika mlingo wofanana ndi magalamu pafupifupi 85 a golide. Pa zokolola ndi 10 peresenti ngati munda wadalira mvula, 5 peresenti ngati wathiriridwa molipira. Kuno kwathu bungwe la Islamic Zakaat Fund limadziwika polipirira ophunzira sukulu ndi ndalama zoterezi.

Mbiri yake mwachidule

Mapanganowa ndi akale, koma mabanki ake ndi atsopano. Mu 1963 Ahmad El-Naggar anayambitsa banki yosungira ndalama yopanda chiwongoladzanja m'tauni ya Mit Ghamr ku Egypt, pakati pa alimi. Chaka chomwecho ku Malaysia kunayamba thumba lothandiza anthu kusunga ndalama za ulendo wa Hajj, limene lero ndi Tabung Haji. Mu 1975 kunatsegulidwa Dubai Islamic Bank komanso Islamic Development Bank ya ku Jeddah, imene dziko la Mozambique ndi membala wake. Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain limalemba miyezo imene mabanki ambiri otere amatsata.

M'chigawo chathu, Al Baraka Bank inayamba ku Durban mu 1989, ndipo Amana Bank ya ku Tanzania inatsegulidwa mu 2011. Mu 2014 boma la Britain linagulitsa sukuk za mapaundi 200 miliyoni, South Africa nayo za madola 500 miliyoni. Sukuk ndi zikalata zopatsa wogula gawo la umwini wa chinthu chooneka, monga nyumba za boma, ndipo iye amalandira lendi yake m'malo mwa chiwongoladzanja.

Ku Malawi, Reserve Bank of Malawi inalola kuti mabanki amene alipo kale atsegule nthambi yapadera yoyendera malamulowa mkati mwawo. FDH Bank inatsegula yake yotchedwa Salama. Nthambi yotere imayenera kusunga ndalama zake padera, osazisakaniza ndi za mbali ya chiwongoladzanja, ndipo imayang'aniridwa ndi komiti ya akatswiri a Shariya. Aliyense angatsegule buku kumeneko, Mkhristu kapena Msilamu.

Zimene anthu amatsutsa, ndi zovuta za kuno

Ambiri akamva za banki yopanda chiwongoladzanja amaganiza kuti ndi ndalama zaulere. Si choncho. Mnyamata wa kabaza uja walipira K600,000 pamwamba, ndipo otsutsa, kuphatikizapo akatswiri achisilamu monga Mahmoud El-Gamal, amati phindu la murabaha nthawi zambiri limawerengedwa potengera chiwongoladzanja cha pamsika, kotero kuti chasintha ndi mapepala okha. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Padziko lonse mabanki a Chisilamu amakonda murabaha kuposa mudaraba chifukwa kugawana phindu kumafuna mabuku a malonda olembedwa bwino ndi kukhulupirirana, zinthu zimene banki ya m'tauni ilibe pa mayi wogulitsa tomato pa Nguludi Turn-off. Komabe kunena kuti palibe kusiyana n'kulakwitsa. Amene anaonapo ngongole ya katapila ikukula mwezi ndi mwezi mpaka kudya malata a nyumba amadziwa kufunika kwa mtengo umene sukwera ukangogwirizanidwa.

Vuto lina ndi kugwa kwa kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anabwereketsa mnzake K100,000 mwachifundo zisanachitike izi analandira K100,000 yosagula zomwe inkagula. N'chifukwa chake gulu la m'mudzi lofuna kusiya chiwongoladzanja silingadalire qard hasan yokha. Lingachite bwino kugula feteleza, ufa kapena zitenje pamodzi n'kumagulitsa kwa mamembala pangongole ndi phindu lodziwika, kapena kuika mpamba m'geni ya membala n'kugawana zotuluka. Ntchito ya mlembi ndi msungichuma imakula, koma m'mudzi anthu amadziwana, ndipo aliyense amaona ngati geni ya mnzake yayendadi kapena ayi.

Mabanki a kuno amapeza phindu lalikulu pobwereketsa boma kudzera m'ma Treasury bills, amene amalipira chiwongoladzanja. Nthambi ya Chisilamu singaike ndalama zake kumeneko, choncho imafunika sukuk kapena njira ina yololedwa yosungitsira ndalama zimene sizinapeze ntchito. Pamafunikanso anthu odziwa Shariya ndi kuwerengera chuma nthawi imodzi, komanso malamulo a msonkho amene salipiritsa kawiri katundu wodutsa m'manja mwa banki asanafike kwa wogula.

Inshuwalansi nayo ili ndi njira yake, yotchedwa takaful, imene kampani yake yoyamba inakhazikitsidwa ku Sudan mu 1979. Mamembala amasonkha m'thumba limodzi ngati chopereka, wogweredwa tsoka amathandizidwa kuchokera m'menemo, kampani imalandira malipiro oyendetsera thumbalo, ndipo zotsala zingabwezedwe kwa osonkha. Kwa mabanja a ku Chiradzulu amene namondwe Freddy anawagwetsera nyumba ndi kuwakokololera minda mu Malichi 2023, ngongole zili pakhosi, thumba lotere likanalipira katundu wogulidwa pa murabaha amene anapita ndi madzi.