Emily Mkamanga, mlembi wa mbiri ya amayi ovinira Ngwazi

M'midzi ya kwa Nsabwe, kum'mwera kwa boma la Thyolo, mudakali agogo aakazi amene adavinirapo Kamuzu. Pa nthawi imeneyo padalibe mtolankhani amene akadalimba mtima kuwafunsa ngati ankavina mwa kufuna kwawo. Zimene zinkachitika amazidziwa eni ake. Tcheyamani wa nthambi ya chipani akangolengeza kuti Ngwazi ikubwera, amayi ankakhalira kuphunzira nyimbo kwa masiku ambiri, kenako lole inkabwera kudzawatenga. Wina ankasiya munda wosapalira, wina mwana wodwala, wina dengu lake la tiyi ku esiteti. Ankavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleriyo, kugona m'makalasi a sukulu, m'mawa mwake n'kukaima padzuwa kudikira mdipiti wa galimoto. Ayufi a malaya ofiira, aja anthu ankawatcha chiswe, ankayenda khomo ndi khomo kuti pasapezeke wotsalira.

Munthu amene adaika zimenezi m'buku adachokera kumapeto ena a dziko. Mayi Emily Mkamanga adabadwa m'chaka cha 1949 ku Chilumba, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Karonga. Tsiku limene Kamuzu ankatsika ndege pa Chileka, pa 6 July 1958, iwo adali kamtsikana ka zaka 8. Pamene ulamuliro wake unkatha mu 1994, adali mayi wa zaka 44. Utsikana wawo, sukulu yawo ndi ntchito yawo yonse zidadutsa pansi pa munthu mmodzi.

Adaphunzira ku Livingstonia ndi ku Lilongwe Girls, kenako adapita ku Bunda, kumene adamaliza maphunziro a zaulimi mu 1971, chaka chomwe Kamuzu adalumbiritsidwa kukhala pulezidenti wamuyaya. Atsikana ofika ku yunivesite masiku amenewo adali ochepa zedi. Sadayambire m'chipinda cholembera nkhani monga atolankhani ena. Kwa zaka zambiri ntchito yawo idali yofalitsa uthenga wa zaulimi, mpaka adapuma mu 1993. Amene adawerengapo zolemba zawo angavomereze kuti ntchito ija idawasiyira chizolowezi chabwino: ankalemba mosazungulira, ngati munthu wofuna kuti womva akagwiritse ntchito zimene wamva.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa zimene adachita pambuyo pake, ayenera kukumbukira m'mene dziko lidalili. Nyuzipepala zikuluzikulu zidali ziwiri, Daily Times ndi Malawi News, ndipo zonse zinkatuluka ku kampani ya Blantyre Print imene idali m'manja mwa Kamuzu. Wailesi idali imodzi, MBC. Kanema wa dziko lino adadzayamba mu 1999. Kuchokera mu 1968 padali bungwe la boma lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, loletsa chilichonse chimene silidakonde. Atolankhani ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ngakhale wothawira kunja sadali pabwino: Mkwapatira Mhango adaphedwa ku Lusaka mu 1989, nyumba yake itaponyeredwa bomba la moto, ndipo ena a m'banja lake adafera momwemo. Kwa amayi kudalinso lamulo lawolawo la mu 1973, loletsa thalauzi ndi siketi yosafika m'maondo.

M'nyengo yoteroyo, mu 1990, Mayi Mkamanga adatulutsa buku lawo loyamba, nthano yotchedwa The Night Stop. Imakamba za mkazi wopirira wa loya wina wachimasomaso. Nkhani ya m'banja inkatha kudutsa pamaso pa ounika aja, pamene ya ndale sikadadutsa. Komabe funso limene lidadzakula pambuyo pake lidali kale m'menemo: mkazi akakhala chete, anthu amati ali pamtendere, koma ndani adamufunsa?

Anthu a ku Thyolo safunika kuuzidwa za udindo wa nkhoswe. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja, kumene mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi, mlongo kapena malume ndiye mwini mbumba. Iyeyo ndi amene amaimirira alongo ake ndi ana awo pa ukwati, pa maliro ndi pa mlandu, ndipo mkamwini akamazunza mkazi amadziwa kuti akayankha kwa iye. Kamuzu adatenga mwambo umenewu n'kuukuza kufika dziko lonse. Adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo mayi aliyense, wa ku Nsanje kaya wa ku Chitipa, adasanduka mbumba yake, ngakhale wa kwawo kwa Mayi Mkamanga kumene ukwati ndi wa malowolo.

Kuvina pa misonkhano ya ndale sikudayambe ngati goli. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200, adasonkhanitsa amayi m'zaka za m'ma 1950 kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nyimbo ndi magule zidali zida zawo. Mu 1959 atsamunda adawatsekera ali ndi khanda m'manja. Koma pa mkangano wa nduna wa mu 1964 Kamuzu adawachotsa pa udindo, ndipo iwo adathawira ku Zambia, kumene adakhala zaka pafupifupi 30. Ligi ya amayi imene Mayi Chibambo adaiyambitsa idatsala m'manja mwa chipani, ntchito yake yaikulu n'kukhala kutamanda munthu mmodzi. Mu 1985 padabweranso bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, CCAM, lotsogoleredwa ndi Mama Cecilia Kadzamira.

Izi ndi zimene Mayi Mkamanga adazitambasula m'buku limene amadziwika nalo kwambiri, Suffering in Silence: Malawi Women's 30 Year Dance with Dr Banda. Lidatuluka m'chaka cha 2000 ku Glasgow, ku Dudu Nsomba, kampani yosindikiza mabuku ya dokotala wa Chimalawi John Lwanda. Mabuku ena onena za nyengo ya chipani chimodzi amalondola amuna otchuka, nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adaphedwa ku Mwanza mu 1983, andende a ku Mikuyu, othawira kunja. Mayi Mkamanga adayang'ana kumene ena sankayang'ana, kwa khamu la amayi wamba amene aliyense ankawaona m'bwalo la masewero koma osawawerengera ngati ozunzika. Adalemba za kukakamizidwa, za magule a makolo amene adasinthidwa mawu kuti atamande mtsogoleri, za mabanja ndi minda yosiyidwa, ndiponso za chinthu chimene ambiri ankangonong'onezana: akuluakulu ena a chipani ankagona amayi pa maulendo amenewa, mayi osatha kukana, osathanso kukanena kunyumba.

Chilungamo chimafuna kuti mbali inayo inenedwenso. Alipo amayi amene amakumbukira masiku aja ndi chimwemwe. Ena adaona Blantyre ndi Lilongwe koyamba chifukwa cha ulendo wokavina, ena adakwera ndege, atsogoleri ena a ligi adamangiridwa nyumba, ndipo amuna ankhanza ankaopa kuti mkazi angakawanenere ku chipani. Kamuzu adalimbikitsanso maphunziro a atsikana. Koma zabwino zimenezi zinkagwera ochepa, pamene mtengo wake ankalipira ndi onse. Ndipo mayi amene adayesa kuima payekha adaona zakuda. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko lino, adagwidwa pamodzi ndi amuna ake mu December 1981, n'kudzatuluka m'ndende mu January 1993, a Orton Chirwa atafera kale m'ndende ya Zomba.

Pali chinthu chimodzi chomvetsa chisoni pa bukuli. Lidalembedwa m'Chingerezi, n'kusindikizidwa kutsidya kwa nyanja, pamene eni nkhani ambiri sadapite patali ndi sukulu. Agogo a ku Thekerani kapena ku Makwasa amene lero akulera zidzukulu, ena ana amasiye, angathe kufotokoza ulendo uliwonse wa pa lole, dzina la tcheyamani ndi mtundu wa nsalu, koma sadziwa kuti padali mayi wina wa ku Karonga amene adawalembera umboni. Zidzukulu zawo zimaphunzira masiku a ufulu ndi maina a nduna kusukulu, osadziwa kuti mboni ya mbiri yomweyo ndi imene ikuwaphikira nsima. Ntchito yojambula mawu a agogo amenewa, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, ikudikirabe atolankhani ndi aphunzitsi a m'dera lino, ndipo nthawi yake ikutha.

Kalata ya maepisikopi a Katolika ya pa 8 March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidachotsa chipani chimodzi, koma kuvina sikudathe. Nsalu zidangosintha mtundu: yachikasu, yabuluu, yalalanje. Lisa Gilman, wofufuza wa ku America, adalemba za zimenezi m'buku lake la mu 2009, The Dance of Politics. Kusiyana kulipo ndithu, chifukwa lero palibe chiswe chogogoda pakhomo. Koma mayi amene alibe ndalama ya mchere akapatsidwa nsalu ndi kangachepe kuti akaimbire bwana, sitinganene kuti wasankha momasuka.

Mwina n'chifukwa chake Mayi Mkamanga sadalekere pa buku. Adasanduka mlembi wa ndemanga, ndipo kwa zaka zambiri dzina lawo linkaoneka m'nyuzipepala za kampani ya Nation komanso pa intaneti pa Nyasa Times. Ankalemba za katangale, za umphawi ndi za atsogoleri oiwala amene adawasankha, ndipo boma likasintha cholembera chawo sichinkasintha mbali. Sizidali zaka zophweka. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno ku Thyolo, boma lidasiya kutsatsa malonda ake m'nyuzipepala za Nation mu 2010, ndipo mu 2011 lidasintha gawo 46 la malamulo a milandu kuti nduna ikhale ndi mphamvu yoletsa nyuzipepala. Chaka chomwecho, pa zionetsero za pa 20 July, anthu 20 adaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Gawo lija lidachotsedwa mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma. Mu 2013 bungwe la atolankhani la MISA Malawi lidapatsa Mayi Mkamanga mphotho yolemekeza ntchito ya moyo wawo wonse.

Sadali okha pa njirayi. Janet Karim adayambitsa magazini ya amayi ya Woman Now, ndipo mu 1993 adatsegula nyuzipepala ya The Independent, pa nthawi imene kukhala mwini nyuzipepala kunkaoneka ngati ntchito ya amuna okha. Bungwe la amayi atolankhani limene adathandiza kukhazikitsa ndi limene lidayambitsa wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay, kuti amayi akumudzi azimveka ndi mawu awoawo. Pa wailesi, mawu a Maria Chidzanja Nkhoma adamveka pa MBC, pa Channel Africa ku South Africa, kenako pa Zodiak. Mu 2017 Teresa Ndanga adakhala mayi woyamba kutsogolera MISA Malawi, ndipo mu nthawi yake, pa 30 September 2020, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuchokera ku boma lidayamba kugwira ntchito.

Kuvutika mwakachetechete kumene Mayi Mkamanga adakutchula pa chikuto cha buku lawo sikudali kwa m'mabwalo a ndale okha, ndipo anthu a m'minda ya tiyi amadziwa zimenezi. Ntchito yothyola tiyi ndi ya nyengo. Mvula ikayamba amalemba anthu ambiri, chilimwe chikafika amawachepetsa, ndipo kapitawo amakhala ndi mawu aakulu pa za amene abwerenso. Mphamvu yotereyi ikakhala m'manja mwa munthu woipa mtima, mayi wolera ana yekha amasowa kolowera. Amayi 36 a m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo adakana kukhala chete. Kudzera mwa maloya a Leigh Day adakasuma ku London, kunena kuti adagwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe pa ntchito. Mu February 2021 kampani ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, idagwirizana nawo kunja kwa khothi pa ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, popanda kuvomera kulakwa, ndipo idalonjeza njira zatsopano zotetezera amayi ndi zolandirira madandaulo awo. Maina a amayiwo adabisidwa kuti atetezedwe, koma madandaulo awo adalembedwa, adawerengedwa ndi maloya, ndipo adatuluka m'nyuzipepala za kuno ndi za ku Britain.

Mayi Emily Mkamanga adamwalira mu November chaka chomwecho, ali ndi zaka 71, patapita zaka 31 chitulukireni buku lawo loyamba.