Lucas Radebe: Mfumu Yopanda Cikho ku Leeds

Anzanga acinyamata, mukakhala pansi kukambirana za mpira msonkhano wa gulu utatha, mkangano wa amene ali katswiri umatha ndi funso limodzi: "Nanga iyeyo anatenga zikho zingati?" Wa zikho zambiri ndiye amapambana. Koma m'mbiri ya mpira muli anthu ena amene kawerengedwe kameneka sikawakwana. Ndi osewera amene anakhala zaka zambiri pa timu imodzi osakweza cikho ciri conse, koma masapota amawakumbukira kuposa ena amene anabweretsa mamendulo. Lero tiyeni tione mmodzi wa iwo, Lucas Radebe wa ku South Africa, amene anasewera mu timu ya Leeds United ku England kuyambira mu 1994 kufikira mu 2005.

Mwana wa ku Soweto

Radebe anabadwa pa 12 Epulo 1969 ku Diepkloof, m'dera la Soweto pafupi ndi Johannesburg. Inali nthawi ya ulamuliro wa tsankho, ndipo m'misewu ya Soweto munali ziwawa zosatha. Ali ndi zaka 15, makolo ake anamtumiza ku Bophuthatswana kuti atalikirane ndi mabvutowo. Kumeneko anayamba kudziwika pa mpira, ndipo nthawi ina anali kusewera pagolo ngati kipa. Sungani mfundo imeneyi, cifukwa tidzaifuna kutsogoloku.

Mu 1989 analowa timu yochuka ya Kaizer Chiefs, kumene anakhazikika ngati wochinga kumbuyo. Mu 1991 munthu wina anamuombera ndi mfuti ali m'galimoto. Cipolopolo cinalowa kumsana koma sicinaononge ziwalo zofunika, motero anacira nabwerera m'bwalo. Ku Chiefs zikho sizinali zacilendo ai. Timuyo inatenga ligi mu 1991 ndi mu 1992. Conco musaganize kuti Radebe anali munthu wosadziwa kukoma kwa cipambano.

Mlendo wosayembekezeka

Mu 1994 mphunzitsi wa Leeds, Howard Wilkinson, anagula osewera awiri a ku South Africa. Amene anthu anali kumuyang'anira kwambiri anali Philemon Masinga, womwetsa zigoli. Radebe anagulidwa pa mapaundi 250,000 okha, ndipo ambiri anamuona ngati woperekeza mnzake kuti asasungulumwe kudziko la eni. Leeds inali itatenga ligi ya England mu 1992, ndipo masapota ake anali kufuna ina.

Ciyambi cinali cowawa. Kuzizira kunamsautsa, kwao kunali kutali, ndipo m'caka cake coyamba anabvulala bondo nakhala miyezi yambiri osasewera. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti anafika poganiza zobwerera kwao. Masinga anacoka ku Leeds mu 1996. Woperekeza uja ndiye anatsala. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma a ku Leeds anali asanakaone kalumoko.

Caka ca 1996

Ofuna kumvetsa nkhani ya Radebe ayenera kuyang'ana miyezi itatu ya caka ca 1996. Mu Febuluwale anali m'timu ya South Africa imene inagonjetsa Tunisia 2-0 ku Johannesburg ndi kutenga Cikho ca Africa. Funsani makolo anu za mpikisano umenewu, adzakuuzani kuti Zambia inatha pa nambala 3 ndipo Kalusha Bwalya anali mmodzi wa amene anaposa onse pomwetsa zigoli zisanu.

Mu Malichi, Leeds inafika mu fainolo ya League Cup pa bwalo la Wembley, koma Aston Villa inaikwapula 3-0. Iyi ndiyo fainolo yokha imene Leeds inafikamo pa zaka zonse zimene Radebe anakhala kumeneko.

Mu Epulo munacitika cinthu cimene masapota sanaciiwale. Leeds inapita ku Old Trafford kukasewera ndi Manchester United, timu imene a ku Leeds amapikisana nayo moopsa kuyambira kale. Masewera atangoyamba, kipa wa Leeds, Mark Beeney, anapatsidwa khadi lofiira, ndipo pa benci panalibe kipa wina. Radebe anavala magolovesi naima pagolo. Manchester United, imene inali pafupi kutenga ligi caka cimeneco, inamenya mipira yambiri koma iye anali kuigwira. Roy Keane ndiye anapeza mpata mocedwa m'cigawo caciwiri, masewera natha 1-0. Leeds inagonja ndithu. Koma masapota anaona munthu amene anabvomera nchito yosakhala yake, pa bwalo la adani, podziwa kuti akalakwitsa dziko lonse lidzamseka.

Kaputeni

Mphunzitsi George Graham, amene anabwera kumapeto kwa 1996, anamkhulupirira kwambiri, ndipo mu 1998 Radebe anakhala kaputeni wa Leeds. Masapota anamucha "The Chief", ndiko kunena kuti Mfumu. Pansi pa mphunzitsi David O'Leary anatsogolera timu ya anyamata ang'onoang'ono imene inatha pa nambala 4 mu 1999 ndi pa nambala 3 mu 2000.

Radebe sanamwetse ngakhale cigoli cimodzi mu ligi ya England, ngakhale anasewera masewera oposa 200. Koma mu Disembala 1999, pamene Leeds inali pafupi kutuluka mu mpikisano wa UEFA Cup, iye anamwetsa ndi mutu kutatsala mphindi zocepa, Spartak Moscow nigwa 1-0 pa bwalo la Elland Road. Leeds inapitirira kufikira mu semifainolo, kumene inagonja kwa Galatasaray ya ku Turkey. Mu 2001 inafikanso mu semifainolo ya Champions League nigonja kwa Valencia ya ku Spain, Radebe ali cikhalire cifukwa ca kubvulala. Kawiri konse cikho cinaoneka pafupi, kawiri konse cinathawa.

Pa nthawi imeneyi matimu akuluakulu, kuphatikizapo Manchester United ndi ena a ku Italy, anali kumfuna. Radebe anasankha kukhala ku Leeds. Tsono werengani nokha mtengo wa cosankha cimeneci: Manchester United inatenga ligi mu 2000, mu 2001 ndi mu 2003. Leeds sinatenge kanthu.

Anthu anamlemekezanso pa zimene anali kucita kunja kwa bwalo. Mu 2000 bungwe la FIFA linampatsa mphotho ya Fair Play cifukwa colimbana ndi tsankho m'mpira ndi kuthandiza ana. Mu 2001, Nelson Mandela atacezera mzinda wa Leeds, anamucha Radebe ngwazi yake.

Nyumba itayamba kugwa

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Atsogoleri a Leeds anali atakongola ndalama zambiri zogulira osewera, poyembekezera kuti caka ndi caka timu idzalowa mu Champions League ndi kubweza ngongolezo. Timu italephera kulowamo, ngongole zinatsala. Anayamba kugulitsa osewera mmodzimmodzi. Rio Ferdinand anapita ku Manchester United mu 2002 pa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni. Jonathan Woodgate ndi Harry Kewell anacoka mu 2003. Mu 2004 Leeds inatsika mu Premier League, ndipo Alan Smith, mwana wa m'dera lomwelo, nayenso anapita ku Manchester United. Tisawaweruze msanga anyamatawa, pakuti kawirikawiri timu yomwe ndiyo inali kufuna ndalama. Koma kwa sapota wokhala pa mpando wake, cimene cinali kuoneka ndi cakuti onse akupita.

Radebe anatsala. Maondo ndi akakolo zinali zitatha, anacitidwa maopaleshoni angapo, ndipo zaka zake zomaliza anasewera masewera owerengeka. Anatsika nayo timu kupita mu ligi yaciwiri, nasiya mpira mu 2005. Pa 2 Meyi caka cimeneco panakonzedwa masewera omtsanzika pa Elland Road. Anthu oposa 37,000 anadzaza bwalo, ndipo ndalama zimene zinapezeka zinapita ku nchito zacifundo. Taganizani: timu ili mu ligi yaciwiri, wosewerayo sanabweretse cikho, koma mzinda unasonkhana kudzanena zikomo. Ngakhale gulu lina la oimba la mumzindawo linadzicha Kaiser Chiefs, potengera dzina la timu imene kaputeni wao anacokerako.

Cifukwa cake nciani?

Zoterezi sizinayambe ndi Radebe. Tom Finney anasewera mu Preston North End yokha kuyambira mu 1946 kufikira mu 1960. Timu yake inatha pa nambala 2 mu ligi kawiri, mu 1953 ndi mu 1958, inagonjanso mu fainolo ya FA Cup mu 1954. Cimene anatenga ndi ligi yaciwiri ya mu 1951 basi. Anali munthu wokonza mipope ya madzi, ndipo woimba mluzu sanamlembepo dzina cifukwa ca nkhanza. Lero cifanizo cake ciri kunja kwa bwalo la Deepdale.

Cinsinsi cake cagona pa moyo wa sapota. Wosewera angathe kusamuka, mphunzitsi angacotsedwe, mwini timu angaigulitse. Sapota alibe kothawira. Timu imene anaikonda ali mwana ndi yomweyo imene adzaikonda atakalamba, ipambane kapena igonje. Conco akaona wosewera amene anali ndi mpata wocoka koma nasankha kunyowa naye mvula imodzi, amamuyesa mbale wake. Cikho cimasangalatsa sapota, koma kukhulupirika kumamuuza kuti cikondi cake sicinali ca ucitsiru.

Sitikunena kuti zikho n'zacabe. Ife a ku Zambia tikudziwa cimwemwe cimene cinadza mu 2012 ku Libreville. Koma tikudziwanso kuti anyamata amene anagonja 2-1 kwa Nigeria mu fainolo ya 1994, caka cimodzi cabe pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Gabon, amachulidwabe mwaulemu kufikira lero. Anabwera ndi mendulo yasiliva, koma palibe amene amawayesa olephera.

Inunso muli ndi matimu anu pa mabwalo afumbi a ku Chipata, Katete, Petauke kapena m'makomboni a Lusaka. Mwa inu muli amene amafika pa maphunziro a mpira ngakhale timu yagonja masabata atatu otsatizana, ndi amene amathawira ku timu ya tsidya lina ikangogula yunifomu yatsopano. Muli amene amabvomera kuima pagolo kipa akadwala, ndi amene amati, "Imeneyo si nambala yanga." Pa timu khumi zolowa mpikisano, cikho cimapita kwa imodzi yokha, ndipo ambiri a inu simudzacikweza. Koma mmene anzanu adzakukumbukirani pakapita zaka 20, zimenezo ziri m'manja mwanu kuyambira Loweruka likudzali.

Pa msonkhano wanu wotsatira, mkangano wa akatswiri ukayambanso, wina afunse funso laciwiri: "Nanga timu yake itagwa, iyeyo anali kuti?"