Singano Inali ya Amuna

Ana inu mukamaona mayi atakhala pakhonde ndi singano m'manja, mumayesa kuti zakhala choncho chiyambire dziko. Ayi ndithu. Kuno kwathu ku Mzimba, kuchokera m'mphepete mwa nkhalango ya Luwawa kutsikira ku Champhira mpaka ku Embangweni, mkazi ankavala chimene mwamuna wake wamusokera. Ine ndinazipeza zikupita kumapeto, koma ndinazionako ndi maso angawa, ndipo zakale kwambiri ndinazimva kwa agogo aamuna, obala adada, amene anabadwa boma la azungu lisanalowe m'dziko la Angoni.

Poyamba mudziwe kuti dziko lino n'lozizira. Tili pamwamba pa mapiri a Viphya. Mu Juni ndi mu Julaye udzu wa kudambo umacha utayera mbuu ndi chisanu, nkhungu n'kukhala m'mitengo mpaka dzuwa litakwera. Munthu wa kunyanja akhoza kugona ndi kansalu kamodzi, koma kuno mwana wopanda chofunda amagwidwa chibayo. Choncho chovala sichinali nkhani ya kutchena. Khola, nkhokwe ndi chovala cha banja, zitatuzi mwamuna ankafunsidwa nazo.

Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linada masana. Anayenda mpaka ku Ufipa, kumene mfumuyo inamwalira, ndipo mwana wake M'mbelwa ndiye anadzakhazika anthu ake kuno cha m'ma 1850. Anthu amenewa sankaomba nsalu. Ankavala ng'ombe zawo, mbuzi zawo ndi nyama zakutchire.

Ng'ombe ikaphedwa, chikopa ankachitambasula pansi, ubweya kunsi, n'kuchikhomerera ndi zikhomo kuzungulira kuti chisakhwinyate pouma. Kenako ankachipala ndi kankhwangwa kakang'ono kakuthwa, kuchotsa timinofu ndi kuchipepula kuti chisachindikale. Ntchito imeneyi sinkafuna munthu waphuma, chifukwa dzanja likangotsetsereka, chikopa chabooka. Akatha kupala ankachinyowetsa, kuchipaka mafuta, n'kuyamba kuchifikisa m'manja. Apa ndiye pankafunika anthu. Madoda ankakhala pa sangweni, pachipata cha khola paja, chikopa chikuchoka m'manja mwa uyu kupita mwa uyo, milandu ikukambidwa, mowa uli pambali, mpaka chifewe moti ukachipinda sichilira. Cha mkazi ankachidetsa ndi makala osakaniza ndi mafuta, n'kuchidula zidutswa zopita zikukula chakumunsi, kuti akazilumikiza chigwe bwino kuchoka m'chiuno. Chimenecho ndicho chidwaba, chovala cha mkazi wapabanja.

Ulusi unali mitsempha ya kumsana kwa ng'ombe yomweyo. Ankaiumitsa, kuing'amba timizere tating'ono, kuinyowetsa m'kamwa n'kuipota pantchafu. Singano yokhala ndi diso kunalibe. Kunali kachitsulo kosongoka kochokera kwa wosula. Munthu ankaboola kaye, n'kulowetsa mtsempha ndi zala, kukoka, kuboolanso, bowo limodzilimodzi mpaka msoko uthe. Mtsempha ukamauma umakoka, ndiye msoko wake sumasuka. Agogo anali ndi kathumba ka fodya kachikopa cha mbuzi kamene anasoka ali mnyamata. Ubweya unali utatha, chikopa chitada ndi thukuta, koma ndikayendetsa chala pamsoko sindinkapeza pomwe wayambira ndi pomwe wathera. Zibiya zimene mumaziona m'chiuno mwa ovina ingoma, pamodzi ndi zishango zawo, zinkatuluka m'manja omwewo.

Atumbuka amene Angoni anawapeza kuno ankavala nyanda, ndipo mitundu iwiriyi itakwatirana nzeru zonse zinalowa m'mudzi umodzi. Nyanda nayo inali ntchito ya mwamuna. Ankapita kutchire kukasankha mombo woongoka wopanda mfundo, kulemba khungwa ndi nkhwangwa pamwamba ndi pansi, n'kulisenda lonse lathunthu. Ankapala makwande akunja kuti patsale luzi lamkati, kulinyika m'madzi, kenako kuligoneka pachipika n'kumalisula ndi nyundo yamtengo yokhala ndi timizere. Kugogoda kwake kunkamveka mudzi wonse. Khungwa lopapatiza linkatambasuka mpaka kukwana kufunda. Ofuna yakuda ankaikwirira m'matope a kudambo, ndipo kuti ifewe ankaipaka mafuta a nsatsi. Sindikunamizani kuti inali yabwino kuposa bulangete. Inkasunga nsabwe, ndipo mvula ikaimenya kangapo inkayamba kuthothoka. Koma mwana ankaberekedwa, nkhalamba inkafunda, wakufa ankakulungidwa, osalipira kanthu kwa munthu.

Akazi tinali ndi zathu: kuumba mbiya, kutunga mikanda, kuzira nyumba. Mphasa ankasoka amuna, monga achitira mpaka lero. Ndipo mkazi akamayenda ndi chovala chong'ambika, wochita manyazi anali mwamuna wake. Nkhani yotere inkafika kwa madoda, mwamunayo n'kufunsidwa pamaso pa anzake kuti kodi manja ake akugwira ntchito yanji.

Zinthu zinayamba kutembenuka m'masiku a agogo omwewo. Mu 1902 Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni, ali ndi mkazi wake Agnes amene anali dokotala. Kumishoni atsikana ndi amayi ankaphunzitsidwa kusoka ndi singano ya diso, kupinda m'mphepete mwa nsalu, kudula malaya a mwana. Patapita zaka ziwiri, mu 1904, mafumu a Angoni anakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni n'kuvomera ulamuliro wa Britain, ndipo posakhalitsa msonkho unatsatira. Msonkho sunkalandira chikopa kapena nyanda. Unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Amuna a ku Mzimba anayamba ulendo umene sunathe mpaka pano. Poyamba ankapita wapansi, pambuyo pake mabungwe olemba anthu ntchito a Mthandizi ndi Wenela n'kumawatenga. Ena ankabwera patapita zaka ziwiri, ena anasanduka matchona.

Anthu amakonda kunena kuti amishoni ndiwo anaphunzitsa akazi kusoka, ndipo n'zoona. Koma ine ndimati chimene chinakhazika singano m'manja mwa akazi ndi kusowa kwa amuna pamudzi. Kabudula wa mwana wang'ambika pamatako, bambo wake ali pansi pa nthaka ku Joni, ndani aike chigamba? Amama ankasoka usiku pakoloboyi atatopa ndi munda umene ankalima okha, ndipo nsalu zawo za biriwita zinali ndi zigamba zosanjikizana moti mtundu woyamba unkachita kusowa.

Ngakhale makina atabwera, anayamba akhala a amuna. Munthu wochokera ku Joni ankadziwika ndi zinthu zitatu: sutikesi, njinga ndi makina a Singer. Atelala onse amene ankakhala pamakonde a masitolo ku boma la Mzimba anali amuna, tepi pakhosi, choko kukhutu, akusoka khaki wa ana asukulu ndi madiresi a Khirisimasi. Adada anabweretsa makina opukusa ndi dzanja, ndipo palibe mkazi ankaloledwa kuwakhudza. Atabwereranso kumigodi anawasiya atakutira ndi nsalu pakona. Ankhazi anga, mlongo wawo wa adada, ndiwo anawavundukula. Anali munthu wosaopa, komanso pamudzi wa Chingoni mawu a ankhazi ndi olemera. Anamasula diresi lakale msoko ndi msoko, kuyala zidutswa zake panyuzipepala, kuzilemba ndi khala, n'kudula nsalu yatsopano motsatira. Pamene adada ankabwera anapeza amayi a Umanyano a mpingo wathu atavala mabulauzi oyera osokedwa pamakina awo. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati makinawo akuthiridwa mafuta. Lamba wa makina opalasa ndi mapazi amene tinadzagula pambuyo pake ataduka, agogo ndiwo anadula chikopa cha ng'ombe chozungulira n'kulumikiza ndi kawaya, makina n'kuyendanso.

Ine kusoka ndinaphunzira kwa ankhazi, koma kuluka ndinakaphunzira ku Luwawa. Boma linayamba kubzala paini pa Viphya m'ma 1950, ndipo ufulu utabwera mu 1964 ntchitoyo inakula mpaka nkhalango yonse inafika mahekitala 53,000. Mitengoyo inali yoti idzadyetse fakitale ya mapepala ku Chintheche, imene sinamangidwe. Bambo a ana anga analembedwa ntchito ya nkhalango, ndipo tinakakhala m'nyumba za antchito kufupi ndi damu. Kumeneko kunali amayi ochokera ku Chitipa, ku Dedza, ku Mulanje, aliyense ndi luso lakwawo, tonse tikunjenjemera ndi chisanu chimodzi.

Singano zolukira za kusitolo zinali zodula, ndiye tinkatenga masipoko a njinga yakufa, kuwanola pamwala mpaka nsonga isalale, kumapeto kwinako n'kukulungako mphira kuti ulusi usapulumuke. Wulu watsopano unkagulidwa mwana akamayembekezeka basi. Wina wonse unkachokera ku majuzi akale. Juzi la bambo likatha m'zigongono, tinkapeza mfundo yomaliza kukhosi n'kuyamba kumasula, mwana atatambasula manja kuti tikulungirepo. Ulusi womasula umatuluka wopotanapotana, ndipo ukaulukira choncho juzi limakhala lamabwinjabwinja. Ndiye tinkaunyika m'madzi ofunda, kuupachika pamthunzi titamangirira mwala kumunsi, kuti uwongoke. Poduka tinkalumikiza popota nsonga ziwiri m'zikhatho, osamanga mfundo, chifukwa mfundo imakanda khanda. Juzi limodzi la munthu wamkulu linkabala kajuzi ka mwana, chipewa ndi timasokosi. Mitundu ikapanda kukwana tinkaluka mizeremizere, ndipo ana a ku Luwawa ankadziwika ndi majuzi amizere amenewo. Mayi wina wa ku Mulanje ndiye anandiphunzitsa kutembenuza chidendene cha sokosi, ine n'kumuphunzitsa kudula kolala. Palibe ankalipiritsa mnzake.

Thumba lililonse linali nsalu. Matumba ansalu a ufa wa tirigu tinkawachapa ndi kuwayanika padzuwa mpaka zilembo zizilala, n'kusoka mapitikoti ndi nsalu zoyala pabedi. Matumba a feteleza a ku ADMARC tinkawasolola ulusi wosokera mphasa ndi wolukira zikwama. Nsanza zotsala pansi pa makina zinkadulidwa timizere n'kusanduka chopondera pakhomo.

Nthawi imeneyo boma nalo linali litagamula kuti singano ndi ya mkazi. Kusukulu atsikana ankapita kukaphunzira zosoka pamene anyamata akusema mipini. M'midzi munkayenda alangizi a zapakhomo, ndipo mu 1985 kunabwera bungwe la amayi la CCAM. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1967, inkatulutsa zitenje zolimba za thonje lathu lomwe. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndiye ntchito yaikulu pamakina inali kutsitsa madiresi a atsikana amene atalika, kuwonjezera nsalu ya mtundu wina kumunsi kuti maondo asaoneke. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha amuna a ku Malawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi. Amuna ambiri anabwerera kumudzi, koma anapeza singano itazolowera manja ena, ndipo ana awo aamuna anakula akuyesa kuti kusoka n'kwachikazi.

Kenako kunabwera kaunjika, makamaka chipani chimodzi chitatha mu 1994. Ine kaunjika sindimutukwana. Ndinaona ana akupita kusukulu m'mawa wa Julaye atavala kamalaya kamodzi, milomo itachita buluu, ndipo lero mwana yemweyo amapeza jekete yochindikala pamsika wa Jenda pamtengo wa nkhuku. Amene sanagonepo ndi chisanu cha pa Viphya ndiye anganyoze zimenezo. Chimene chimandiwawa n'chakuti batani likathothoka, malaya amaponyedwa pansi pa bedi. Zipi ikafa, thalauza lonse lafa. Mnyamata wathanzi amayenda mtunda kupita kwa telala ndi kabowo kamene agogo akanakatseka asanamalize kufwenkha fodya. Mwina mukuti tsobola wakale sawawa, koma ndalama imene mukupereka pa kabowoko ndi ya mchere wa sabata yonse.

Mwezi wa Ogasiti anthu amasonkhana ku phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo mabwalo amadzaza ndi zibiya, zishango ndi nthenga. Zonsezo pali amene amazisoka, koma m'midzi yathu ino odziwa kufewetsa chikopa mpaka chigwe ngati nsalu atsala owerengeka, ndipo onse ndi a imvi. Mmodzi wa iwo ndi asibweni ake a mdzukulu wanga wamwamuna, uja amabwera kudzakhala pamakina anga anzake akumuseka. Ndamuuza kuti ng'ombe ikadzaphedwa pa ukwati wa mlongo wake, chikopa asadzalole kuti chigulitsidwe. Adzachinyamule tsiku lomwelo chisanayambe kununkha, apite nacho kwa asibweni akewo, atenge ndi zikhomo zake zosemeratu. Mitsempha ya kumsana adzaichotse yekha nyama isanagawidwe, chifukwa ophika akaifikira amaiponya mumphika pamodzi ndi mafupa.