Linga la Mazenera Aakulu: Mbiri ya Monbazillac

M'maphunziro athu a mbiri yakale timauzidwa kuti ku Ulaya nyengo ya malinga ndi ankhondo apakavalo idatha, ndipo m'malo mwake mudalowa nyengo yotchedwa Renaissance, ndiko kuti kubadwanso kwa maphunziro ndi luso. Ife ophunzira timangolemba mzere pakati pa nyengo ziwirizi ngati malire a munda. Ine ndikuona kuti mzerewo umatinamiza, ndipo mboni yanga ndi nyumba ina ya ku France yotchedwa Monbazillac.

Nyumbayi ili pa chitunda pakati pa minda ya mpesa, kumwera kwa mtsinje wa Dordogne ndi mzinda wa Bergerac. Adaimanga ndi a banja la d'Aydie cha m'ma 1550. Pa ngodya zake zinayi pali nsanja zobulungira, pamwamba pa makoma pali njira ya alonda ndi zibowo zoponyerapo miyala pa adani, ndipo kunja adakumbako ngalande yopanda madzi. Koma m'makoma omwewo muli mazenera aakulu ndi okongola, otengera mamangidwe amene Afalansa adayamba kuwasirira ku Italy kuchokera mu 1494, pamene mfumu yawo Charles VIII idapita ndi nkhondo kumeneko. Tsono funso nali: munthu woopa adani aikiranji mazenera otere, nanga wokhala pa mtendere amangiranji nsanja?

Ena amati nsanjazo zidali zongodzionetsera, poti mizinga idali italanda kale malinga ntchito. Mfundoyi njomveka, pakuti mphamvu ya mizinga idaoneka mu 1453 pa Castillon, m'mbali mwa Dordogne yemweyo, pomwe Afalansa adagonjetsa Angerezi. Komabe ine sindikhutira nayo. Mwini munda wa mpesa sankaopa mfumu ya mizinga ayi, koma timagulu ta achifwamba ndi asilikali oyendayenda, tomwe ngalande ndi chipata chotseka zidali zokwanira kutibweza. Ndipo mantha akewo sadali achabe. Mu 1562 idabuka nkhondo pakati pa Akatolika ndi Aprotestanti, imene idatha mu 1598, ndipo Bergerac udali mzinda wa Aprotestanti. Womangayo ankafuna kuwala kwa masiku atsopano, koma sadalimbe mtima kutaya chitetezo cha makolo ake.

Chodabwitsa nchakuti nkhondoyo sidagwetse nyumbayi. Chimene chidabalalitsa anthu a m'deralo ndi pepala chabe. Mu 1685 mfumu Louis XIV idafafaniza lamulo la ku Nantes, limene kuyambira mu 1598 linkapatsa Aprotestanti ufulu wopembedza. Apa panalibe nsanja kapena ngalande yoti nkutchinga. Ambiri adathawira ku Holland, ndipo ali komweko adakulitsa malonda a vinyo wa kwawo. Vinyoyu ndi woyera ndi wotsekemera, wofulidwa kuchokera ku mphesa zimene chuku cha nthawi ya nkhungu chimazinyalitsa mpaka shuga wake achuluke.

Mu 1960 bungwe la alimi a mpesa a ku Monbazillac lidagula nyumbayo, motero linga lomangidwa ndi olemera lidagwera m'manja mwa ogwira khasu. Anzanga, pa mayeso tidzalembabe zaka zimene nyengo ina idathera ndi ina idayambira, poti aphunzitsi athu adzazifunsa. Koma amene adamanga Monbazillac sankadziwa kuti nyengo yakale yatha. Adamanga molingana ndi zimene ankaziopa ndi zimene ankazikhumba, ndipo zonse ziwiri zikali pa khoma limodzi.