Idi ya ku Nsanama, chikondwerero choyenda ndi mwezi

Ku Nsanama, pa msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja, telala amadziwa kuti Idi yotsekera kusala kwa Ramadhani yayandikira nsalu za ana zikayamba kuunjikana pa makina ake. Koma tsiku lenileni salidziwa mpaka mwezi watsopano utaoneka ndipo mashehe a Muslim Association of Malawi atalengeza pa wailesi.

Chisilamu chidakhazikika pakati pa Ayao m'zaka za m'ma 1870, mafumu monga Makanjila atachilandira kudzera m'malonda ndi Aswahili a kugombe. Chidabwera ndi kalendala yake yowerengera mwezi, ya masiku 354, pomwe chaka cha dzuwa chili ndi 365. N'chifukwa chake Ramadhani ndi Idi zimafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo zimatenga zaka pafupifupi 33 kuti zizungulire nyengo zonse. Pasaka wa Akhristu nayenso amasuntha, koma sadumpha malire a 22 Malichi ndi 25 Epulo.

Kwa mlimi, masamu amenewa amamveka m'mimba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kusala kunkagwa mu Disembala ndi Januwale, dzuwa likuswa mtengo, udzu ukufuna khasu, nkhokwe zikuyamba kuoneka pansi. Munthu ankapalira chimanga m'mawa wonse osalawa ndi dontho la madzi lomwe. Mu 2000 Idi idachitika kawiri, mu Januwale ndi mu Disembala, zonse m'miyezi ya njala. Pofika 2014 idali itafika mu Julayi: kunja kukuzizira, masana afupi, mpunga wa ku Chilwa uli mbwee pa msika, chinangwa ndi mbatata za futali zosasowa. Ana amene adakula zaka zimenezo ankaona ngati Idi ndi ya zokolola basi.

Mu 2023 kusala kudayamba patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera, ndipo chopereka cha kwa osauka chidalemera kuposa zovala zatsopano.

Boma lidaika Idi pa mndandanda wa maholide m'nthawi ya Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komweko, ndipo m'pake: anthu a kuno adali atausunga kale mwambowu kwa mibadwo ingapo. Tsopano Idi ikubwereranso ku dzinja. Mu 2025 idagwa kumapeto kwa Malichi, ndipo mu 2033 idzachitikanso kawiri m'chaka chimodzi.