Za Zithunzi Zoyenda: Mbiri Yace ndi Mayesedwe Ace

Pa Rumphi, pa Bolero ndi m'misika yina ya dera lathu lino muli tinyumba ta kanema, m'mene ana alipira kandalama nakhala mumdima kupenya anthu alikuomberana mfuti, nyama zojambula zilikulankhula, ndi akufa alikuturuka m'manda. Makolo ambiri adandaula, nayesa kuti bvutoli ndi latsopano. Koma mbiri itiuza kuti nkhaniyi njakale, ndipo muli phunziro m'menemo.

M'mwezi wa January 1854 Dr. David Livingstone anafika kwa Shinde, mfumu ya Alunda, kumtunda kwa Zambezi. Anali nayo nyali yoonetsa zithunzi zolembedwa pagalasi. Cithunzi coyamba cinali ca Abrahamu atakweza mpeni pa mwana wace Isake. Posuntha iye galasilo, mpeni unaoneka ngati ulinkudza kwa openya. Akazi anapfuula, nathawa mopunthana. Mfumu inakhala osagwedezeka, ndipo pambuyo pace inasendera kudzayang'ana nyaliyo. Tsono taonani mwambo wa Livingstone: nthawi zonse atatha kuonetsa, amafotokozera anthu magwiridwe a nyaliyo, kuti asayese kuti muli matsenga.

Zithunzi zoyendadi, zimene akulu athu anazicha baisikopo, anthu a kuno anakomana nazo kunchito. Monga mwa caka ca 1920 mbusa wa ku America, Ray Phillips, anayamba kuzionetsa m'makomboni a migodi ya Johannesburg, atazisankha yekha ndi kudulamo zimene anaziyesa zoipa. Pambuyo pace zinafika ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, kumene kunali amuna ambiri a ku Henga ndi ku Nkhamanga, ndi makalaliki ophunzira pa Khondowe. Kumeneko anthu anakonda koposa zithunzi za akauboi, abusa a ng'ombe a ku America okwera pa akavalo. Ngwazi iri yonse ya m'zithunzizo anaicha Jack, ndipo anyamata anasema mfuti zamtengo natsanza mayendedwe ace.

Azungu ambiri anaopa, nati munthu wakuda sakhoza kusiyanitsa cithunzi ndi coonadi. Cifukwa cace anadula zithunzi kufikira nkhani yace inasokonezeka. Koma openya sanali opusa ai: anali kufotokozerana mokweza, kuseka, kutsutsa, ndi kulumikiza okha nkhani yodulidwayo.

Amishoni anayesa njira yina. Kuyambira 1935 kufikira 1937 bungwe la International Missionary Council linayendetsa nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Major Notcutt anapanga zithunzi 35 ku Tanganyika, za kusunga ndalama ku positi, za msonkho, za ulimi ndi za umoyo. Ndipo Bwana Latham anayenda nazo pa galimoto kufikira kuno ku Nyasaland. Mu 1948 boma linakhazika Central African Film Unit ku Salisbury, ya nchito yomweyo. Anthu anasonkhana ndithu, pakuti cinali cacilendo. Koma zithunzi zolangiza sizinathe kumcotsa Jack m'mitima ya anyamata.

Dziko litalandira ufulu, lamulo la 1968 linaika bungwe loyesa mabuku ndi zithunzi zisanafike kwa anthu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Lero zithunzi zilowa m'mudzi pa foni ya m'thumba, zina zitamasuliridwa m'Cicewa ndi anyamata olankhula pamwamba pa mau ace. Ndipo palibe lumo la boma lingathe kudula zonsezo.

Nanga ticitenji? Mbiri yationetsa njira zitatu: kudula, kulangiza, ndi kukhala pamodzi ndi wopenya ndi kumfotokozera. Ziwiri zoyambazo zinayesedwa ndi anthu amphamvu ndi acuma, osakwanira; yacitatu iri m'manja mwa kholo liri lonse. Agogo athu anaidziwa. Nthano zao, zimene ife kuno tizicha vidokoni, zinali nazo zirombo zomeza anthu. Koma mwana amazimva ali pa miyendo ya agogo ace, moto ulikuyaka, ndipo potsiriza amauzidwa tanthauzo.

Cifukwa cace, abale, penyani cithunzi pamodzi ndi ana anu, nimuciyese nao. Cikakhala ca akauboi, funsani: Kodi anthu aja alikupitikitsidwa ndani, ndipo dzikolo linali la yani poyamba? Pakuti eni dziko la America analandidwa malo ao, ndipo zithunzi zakale zambiri zinawaonetsa ngati adani cabe. Cikakhala ca nyama zojambula, musacinyoze, pakuti ndi mbale wa Kalulu ndi Fisi. Koma funsani ngati wocenjerayo apambana ndi nzeru kapena ndi nkhanza.

Cikakhala coopsa, ca mizukwa ndi mfiti, apo mpofunika kusamala koposa. Uzani mwana kuti mwazi uja ndi utoto, ndi kuti wakufa uja anauka nakalandira malipiro ace. Mantha a usiku umodzi atha kukaca. Coipa cacikuru ndi ici, kuti mwana aturuke m'kanyumba kaja nayambe kuloza cala nkhalamba ya m'mudzi mwace. Tidziwa kuti m'dziko lathu okalamba ena amenyedwa, ena aphedwa, cifukwa ca kunenezedwa ufiti, cinkana lamulo la 1911 liletsa kumnenera munthu kotero. Cithunzi cophunzitsa mwana kuopa agogo ace ncoipa, cingakhale cikongole bwanji.

Kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene waonetsedwa nyali iri kuseri kwa cithunzi adzakhala ngati mfumu Shinde: anzace pothawa, iye adzasendera kudzayang'ana.